Ku Joni kukagula chizungulire

Lamulungu, m'basi

Ndanyamuka abale. Tawoloka kale Shire pa Zalewa, tikuloza ku Mwanza, ndipo ndikulemba foni ili pabondo, chigongono cha mayi wina wa geni chili m'nthiti mwanga. Anzanga a kugalaja akudziwa chimene chandinyamula. Enanu ndikuuzeni ndekha musanamve kwa anthu: ndikupita ku Joni kukakwera roller coaster, kasitima kamasewera kothamanga panjanji zopindikapindika m'mwamba. Sindikukasaka ntchito, sindikukaoda katundu. Ndikukaona achemwali, inde, koma achemwaliwo ndi chophimbira chabe, ndipo eni akenso akudziwa.

Amayi anandiperekeza ndi mawu dzulo madzulo. "Anzako akapita ku Joni amabwera ndi malata, iwe ukukagula chizungulire?" Ndinawaonetsa kanema pafoni kuti mwina amvetse. Anayang'ana anthu atazondoka miyendo m'mwamba, n'kundibwezera foniyo ngati yawaotcha. Kuyambira pamenepo chinthuchi chili ndi dzina kwathu: kasitima kamisala.

Matendawa anandiyamba zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kamwana ka kasitomala wina kankaonera kanema pabenchi, ine ndikusintha mabuleki a galimoto ya bambo ake. Ndinasuzumira kamodzi, sipanala ili m'manja, basi ntchito inaima. Chimene chinandigwira si kukuwa kwa anthuwo ayi. Ine ndine makaniko, maso anga ankasaka injini. Sitima yathunthu, yodzaza anthu, ikuthamanga kuposa minibasi yothamangira tiripi yomaliza, koma injini palibe, thanki palibe, utsi palibe. Kuchokera tsiku limenelo bandulo yanga yambiri yathera pa YouTube. Kwathu kuno chachikulu chimene ndinakwerapo ndi makatungwe ozungulira aja a ku Trade Fair ku Chichiri, ndili mwana wa pulayimale.

M'mawa minibasi inanditsitsa pa Wenela. Tonse timangoti pa Wenela, pa Wenela, ngati ndi dzina la mfumu ya pamalopo. Chikhalirecho ndi dzina la bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, Witwatersrand Native Labour Association. Agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, anadzera khomo limeneli m'zaka za m'ma 1960. Iwo anakwera ndege mpaka ku Francistown, kuchoka apo sitima. Ine mdzukulu wawo ndili pampando wa kumbuyo, pakati pa miyendo pali chikwama cha mpunga wa kilombero chimene achemwali anachita kundilumbiritsa kuti ndisaiwale.

Lolemba, Park Station

Za msewu sinditalikitsa, ambiri mwaudutsa kuposa ine. Ku Tete dzuwa linkachita ngati latsikira padenga la basi. Zambezi ndinamuona ndi maso anga, ndipo Shire wathu ndi mwana. Pa Nyamapanda tinadutsa madzulo, Harare anandipeza ndili m'tulo, ku Beitbridge kunatichera tili pamzere. Titawoloka Limpopo, malambe a ku Musina anandikumbutsa ku Chikwawa. Kuchoka apo ndi msewu wa N1, wosalala moti makaniko wa masipiring'i akhoza kufa ndi njala.

Tafika dzuwa litalowa kale, mapazi atatupa ngati mabanzi. Alamu ndinawapeza ataima pachipata, manja m'jekete.

"Alamu, mwafikadi? Ine ndimayesa mwatsikira pa Mwanza, mwaopa katungwe."

Ndawayankha kuti tionana Lachitatu. Iwo akuti sakwera nawo, msana. Zaka zonse akhala kuno, msana umenewu umangowagwira akamva za Gold Reef City, paki ya masewera imene ndabwerera.

Lachiwiri, Turffontein

Achemwali amakhala ku Turffontein, kum'mwera kwa tawuni, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya eni malo. Ana alipo awiri, mnyamata wa zaka 14 ndi kamtsikana ka zaka 8. Onse anabadwira konkuno, Chichewa chawo n'chopindika, chosakanikira Chizulu ndi Chingerezi, koma pali liwu limodzi limene sanavutike nalo: malume. M'Chizulu ndi malume yemweyo. Tsiku lonse ndi malume uku, malume uko.

Mnyamatayu ndi wodwala mnzanga. Wapitako kawiri kupaki ndi a kusukulu, ndipo ali ndi kope limene amalembamo roller coaster iliyonse imene wakwerapo. Akuti okonda zinthuzi amawerenga choncho kulikonse, ena anafika m'mazana. Kope lake silinathe n'tsamba loyamba lomwe, komabe akundiposa, ine ndili pa ziro. Chimene chimamuwawa ndi Ratanga Junction, paki ya ku Cape Town imene inatsekedwa mu 2018 iye asanaipondeko. Loto lake ndi Formula Rossa ya ku Abu Dhabi, yothamanga makilomita 240 pa ola, yoti okwera amachita kuvala magalasi otchinga maso. Amanena manambala amenewa ngati mmene ife tinkatchulira osewera a Bullets ndi Wanderers.

Masana alamu anatizungulitsako pang'ono asanalowe ntchito ya usiku. Ndinaona timapiri tachikasu, tosalala pamwamba ngati tebulo, ndinayesa ndi mapiri achilengedwe. Alamu anaseka. Akuti limenelo ndi dothi lotuluka pansi, zotsalira atachotsamo golide. Joni yense anamera pa golide amene anapezeka kuno mu 1886. Pakinso imene ndabwerera ili ku Ormonde, pamalo pa mgodi wakale wa Crown Mines, pa dzenje limene ankalitcha Shaft 14.

Tikudutsa pa msewu wa M1, mnyamata anangoti, "Malume, uko!" Njanji zopindika zili pamwamba pa mitengo, kasitima kakudutsa ngati kanyerere. Ndinakhala duu. Chinthu chimene wakhala ukuchionera pakagalasi ka foni zaka zisanu ndi chimodzi, ukachiona chitaima pansi pa thambo, pakamwa pamauma.

Matikiti tagula pa intaneti. Vuto labuka madzulo ano. Zokwera zikuluzikulu zimafuna munthu wotalika mamita 1.3, ndiye tinamuimika mtsikana pafelemu ya chitseko, alamu n'kutulutsa tepi yawo. Yakwana 1.27. Anakokera tsitsi m'mwamba, anaima ndi zala zakumapazi, anakavala nsapato za amake. Kenako misozi. Ndinayesa kumufotokozera kuti si nkhanza, chitsulo chomanga munthu pampando anachipangira thupi la msinkhu wakutiwakuti, wochepa akhoza kupulumukira pansi pake. Wandiyankha kuti ndikuyankhula ngati aphunzitsi, n'kukagona osatsanzika.

Lachitatu, usiku

Ndikulemba nditagona chagada maso ali gwa, chifukwa ndikatsinzina bedi likuyenda.

Tinafika chipata asanatsegule, ine, achemwali ndi ana. Mkati anamangamo ngati tawuni ya nthawi ya golide, nyumba zamakhonde, mashopu achikalekale, koma ndikanama ndikati ndinaziyang'ana bwino. Mnyamata anali atakonza kale ndondomeko: tiyambe ndi Jozi Express, mimba ya malume iphunzire kaye.

Mukakhala pansi, chitsulo n'kutsekeka, sitima imayenda pang'onopang'ono mpaka tcheni iigwire. Apa mpamene pamayambira kaphokoso kaja, gwe gwe gwe gwe, kamene ndakamva kambirimbiri m'mahedifoni. Anthu amayesa ndi tcheni ikulira. Ayi, ndi kachitsulo ka pansi pa ngolo kamene kamadumpha pa mano oikidwa m'mbali mwa njanji, ngati mmene sipanala ya rachete imachitira. Tcheni itaduka, kachitsuloko kamakodwa pa dzino, sitima osabwerera m'mbuyo. Ndinkamufotokozera mnyamata zimenezi tikukwera, mawu anga akunka nachepa, mpaka ndinangosiyira pakati.

Pamwamba tcheni imakusiya. Ndipo funso langa la zaka zisanu ndi chimodzi yankho lake lili pomwepo: injini ndi chitunda choyambacho. Mota ili pansi, ntchito yake ndi kukukweza basi. Zonse zotsatira ndi kugwa kokhakokha, kugwa kokonzedwa bwino. Amene anaonapo njinga ya makala ikutsika chitunda mbandakucha, mwini wake atapondetsa nsapato patayala, akudziwa zimene ndikunena. N'chifukwa chake palibe chitunda cha kutsogolo chimene chimaposa choyamba, mphamvu imanka ithera m'mawilo ndi mumphepo.

Zonsezi ndinkazidziwa ndili ku Blantyre. Chimene foni sinandiuze ndi mimba. Inatsalira pamwamba paja, ine n'kupita ndekha. Ndinakuwa, osati kukuwa kwa fasho kwa manja m'mwamba ayi, koma kwenikweni, kwa kumudzi: "Mayo ine!" Ndiye kumbuyo kwanga, pakati pa phokoso lonselo, ndinangomva mawu a bambo: "Gwirani zolimba achimwene!" Titatsika tinagwirana chanza tikuseka mpaka misozi. Ndi wa ku Mangochi, wakhala kuno zaka zambiri. Ku Joni musamanyoze munthu m'Chichewa, simudziwa wakhala kumbuyo kwanu.

Pa Anaconda mzere unali wautali, pafupifupi ola lathunthu, koma ine sindinatope, ndinapeza mpata woona mawilo pafupi. Iyi ndi ya mtundu wina: njanji ili pamwamba, inu mukulendewera pansi pake awiriawiri, miyendo ili lende. Inapangidwa ndi kampani ya ku Switzerland, Giovanola, n'kutsegulidwa mu 1999. Chitunda chake ndi mamita 34, imafika makilomita 90 pa ola, ndipo imakuzondotsa kasanu. Nthawi iliyonse ikalowa m'siteshoni ndinkasuzumira. Mawilo ali m'magulu atatu: ena amayenda pamwamba pa paipi ya njanji, ena m'mbali, ena pansi. Njanji aikumbatira mbali zitatu, ndiye ngakhale itazondoka siingachoke. Nzeru ya mawilo apansiwa ndi yakale, John Miller wa ku America anailembetsa mu 1919. Si matayala opopa, ndi chitsulo chokutidwa ndi pulasitiki wolimba. Mabuleki ambiri sali pasitima, ali panjanji, ndipo amakhala otseka okha, mphepo ndiyo imawatsegula. Oyendetsa mathiraki mwamva kale: mphepo ikatha, buleki imagwira.

Kudziwa zonsezi sikunaletse mawondo kunjenjemera. Papulatifomu panali mulu wa mapatapata amene eni ake anavula kuti asauluke. Mtsikana wa ntchito anadutsa akukoka chomangira cha pamapewa cha aliyense. Changa atakoka iye, ine ndinakokanso katatu.

Kuzondoka koyamba kunandinamiza. Ndinkayembekezera kulendewera ngati mleme, magazi kutsikira kumutu. M'malo mwake ndinakanikizidwa pampando, thambo n'kudutsa kunsi kwa mapazi anga. Mukukumbuka tili ana, tikuzunguza kandowa ka madzi pamwamba pa mutu, madzi osatayika? Lero madziwo ndinali ine. Kenako sitima inatsikira pafupi ndi miyala, ndinapinda miyendo poganiza kuti zala zitsalira pomwepo, ngakhale mutu ukudziwa kuti anayeza kale ndi munthu wamtali kuposa ine. Tisanapume n'komwe, mabuleki, tswii, tafika. Mnyamata akundiyang'ana kuti aone ngati ndalira.

Ndinangoti, "Tiyenso. Koma pano kutsogolo."

Kutsogolo ndi dziko lina. Palibe mutu wa munthu wokutchinga, palibe ngolo, ndiwe ndi mphepo basi. Misozi imayenda chopingasa kulowera m'makutu.

Koma imene yandilanda mtima ndi nkhalamba, Golden Loop. Iyi ndi kaunjika weniweni, ngati magalimoto athu ochokera ku Japan. Inayamba ntchito mu 1977 kupaki ya Carowinds ku America, ikutchedwa White Lightnin', n'kudzagulidwa kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pa zaka ndi yaikulu kwa ine. Anaipanga Anton Schwarzkopf wa ku Germany, dzina limene mnyamata amalitchula ngati akutchula mfumu. Ilibe tcheni yokweza. M'nsanja yake muli chinthu cholemera matani ambiri chomangidwa kuchingwe chachitsulo. Akachimasula chimagwa, chingwe n'kukoka sitima imene inangoima phee, n'kuiponya ngati mwala wa legeni. Mumalowa m'lupu, njanji yozungulira imene imakuzondotsani, n'kukwera njanji yoimirira imene imangothera m'malere. Pamenepo sitima imaima kamphindi, thupi limapepuka, kenako ulendo wonse uja mumaubwereza chammbuyo. Kuzondoka osaona kumene ukupita, abale, musamve. Zonse zimatha mphindi isanakwane. Ndakwera katatu. Makina osavuta kumvetsa, osamalidwa bwino, zaka zonsezi akugwirabe: makaniko aliyense angaivulire chipewa.

Kulakwa kwanga kunali pa nkhomaliro. Ndinadya tchipisi ndi soseji, n'kumwera chakumwa chozizira, kenako mtsikana anandikokera ku chozungulira china chooneka chofatsa. Roller coaster sinandigwetse, chandigwetsa ndi chimenecho. Ndinakhala pansi pa mtengo theka la ola, mutu uli pakati pa mawondo, achemwali akundikupiza ndi mapu a paki uku akuseka. "Achimwene, mpaka pasipoti kudzasanzira kuno?" Sindinasanze, zilembedwe. Mtsikana anakhululuka za dzulo titakwera zapamadzi, anatuluka atanyowa mpaka masokosi, mano onse panja.

Inatsala imodzi, Tower of Terror. Tsiku lonse ndinkaizemba ndi maso. Cha m'ma 3 koloko mitambo inada, kunang'anima, ndipo zokwera zazitali anaziimitsa, monga ziyenera kukhalira kukakhala mphezi. Mvula ya Disembala kuno imabwera masana mwadzidzidzi. Ndinadandaula mokweza kuti ana amve. Mumtima ndinaithokoza.

Lachinayi

Khosi lauma, ntchafu zikuwawa ngati ndalima. Sindinatuluke.

Tinakhala pakhonde ndi mnyamata tikujambula m'kope lake. Ndinamufunsa ngati anaonetsetsa kuti lupu si yozungulira ngati tayala, ndi yooneka ngati dontho lozondoka. Ankadziwa kale, mwana ameneyu. Akale ankapanga zozungulira ndendende, ndipo imodzi ya ku Coney Island, ku New York, m'zaka za m'ma 1890 inatchuka ndi kupweteka anthu makosi, chifukwa sitima imalowa m'lupu ili paliwiro lalikulu n'kukhota mwadzidzidzi. Injiniya wa ku Germany, Werner Stengel, ndiye anawerengera kapindidwe koyamba pang'onopang'ono n'kudzathina pamwamba pomwe liwiro latsika, ndipo kanayamba kugwira ntchito mu 1976.

Koma pali china chimene iye sankadziwa, ndipo ndinakondwa kuti malume apezako pomuposa. Kholo la zinthuzi ku America ndi njanji ya pamgodi. Ku Pennsylvania, pamalo otchedwa Mauch Chunk, mu 1827 anamanga njanji yotsitsira malasha kuchoka kuphiri. Ngolo zinkatsika zokha, nyulu n'kumazikokera kumtunda zopanda kanthu. Patapita nthawi anthu anayamba kulipira kuti akwere nawo, kungofuna kumva mphepo. Ya masewera yeniyeni inadzatsegulidwa ku Coney Island mu 1884, zaka ziwiri golide wa kuno asanapezeke.

Madzulo ndinaimbira amayi. Ndinawauza za kuzondoka, anangoti "mhm". Kenako ndinatchula kuti pakiyo ili pamgodi wakale, ndipo alendo amatha kulowa pansi. Foni inakhala zii, ndinayesa yaduka.

"Bambo anga ankati chimene ankaopa kwambiri si miyala ayi. Chinali chikepe cha m'mawa. Akuti chikamasuka, mtima umatsalira kumwamba."

Mawu omwewo amene ndinalemba dzulo za mimba yanga. Agogowo ndimawakumbuka pang'ono, anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anabwera ku Joni ndi sutikesi yachitsulo, wailesi, njinga, mabulangete, ndi chifuwa. Wailesi inafa, njinga inagulitsidwa, chifuwa chokha n'chimene anakhala nacho mpaka mapeto. Usiku tinkachimva kuchokera kunyumba kwathu.

"Ukalowe m'menemo ukaone," anatero amayi. "Usamangozondoka."

Ndagulanso matikiti awiri. Ndalama ya nsapato zimene ndimati ndigule yapita.

Lachisanu

Lero tinapita awiri, ine ndi mnyamata. Tinayambira pansi.

Amakupatsani chipewa cholimba ndi nyali, n'kukulowetsani m'chikepe chachitsulo. Alendo amatsika mamita 75 okha. Dzenje lenilenilo linapitirira makilomita atatu, ndipo m'munsimo munadzaza madzi migodi itatsekedwa. Chikepe chathu chinatsika mofatsa, mwaulemu, monga zimayenera alendo olipira. Komabe kuwala kwa pamwamba kutayamba kuchepa, nthabwala zonse zinatha zokha.

Pansi pamanunkha chinyontho ndi dzimbiri. Makoma ndi mwala wosongoka, kanjanji kang'ono kakudutsa pakati, mitengo yochirikiza denga ili apo ndi apo. Wotitsogolera anationetsa chibowolero cha mphepo chimene ankabowolera mwala kuti aikemo zophulitsira, ndi malo opapatiza amene munthu ankagwiramo ntchito atagwada kapena atagona chammbali. Golide simumuona ndi maso, ali mumzere wa mwala wa timiyala tozungulira, ndipo kuti mupeze magalamu ochepa pamafunika kuphwanya tani yathunthu. Timapiri tachikasu tija ndinatimvetsa ndili pansi pano. Fosholo ndi fosholo, anthu anatitulutsa m'mimba mwa dziko.

Pena pake tinazimitsa nyali. Mdima wa kumudzi mwezi kulibe uli ndi nyenyezi, uli ndi ziphaniphani. Uwu ulibe kanthu. Ndinaika dzanja pamphuno, osaliona. Mnyamata, yemwe amakweza manja pa Anaconda, anandigwira malaya.

Agogo sanali pamgodi uno, anali kumadzulo, cha ku Carletonville, dera limene lero kuli Mponeng, mgodi wofika pafupifupi makilomita anayi pansi. Ntchito yawo inali yopakira miyala, ankadzitcha malayisha, mawu a Chifanakalo chimene ankalankhulana m'migodi. Sanali okha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya dziko lino. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, Amalawi oposa 70 obwerera kwawo anafera pomwepo, ndipo Kamuzu anaimitsa zolemba anthu. Agogo anali atabwerera kale. Chifuwa chawo chija madokotala amachitcha silicosis: fumbi la mwala limakhazikika m'mapapo, silichoka, ndipo nthawi zambiri limaitana TB. Ndinamuuza mnyamata zonsezi tili m'chikepe chokwera. Anandifunsa chifukwa chake amake sanamuuzepo. Ndinati akawafunse yekha.

Pamwamba tinaonerera akuthira golide wosungunuka m'chikombole. Amasungunuka pa madigiri 1,064, amatuluka ngati phala lamoto, kutentha kwake kumafika mpaka pomwe takhala. Mtanda umodzi wa golide wa m'mabanki umalemera pafupifupi makilogalamu 12 ndi theka, koma kukula kwake sikufika n'njerwa yomwe. Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, mochedwerapo.

Kenako Tower of Terror. Sindinaganize bwino ndondomeko ya lero, chifukwa kuchoka kumgodi weniweni n'kupita pa iyi ndi nkhani ina. Nsanja yake ndi ya pamgodi, yonga zimene zimaima pamwamba pa dzenje kunyamula zingwe za chikepe. Ngolo ndi imodzi yokha. Simukwera chitunda, chikepe chimanyamula ngolo yonse molunjika m'mwamba, mwakachetechete, popanda gwe gwe uja woti uziwerenga. Pamwamba ndinaona nsanja ya Hillbrow patali, misewu, ndi timapiri tachikasu tija mbali zonse. Ngolo inasendera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka njanji inasowa. Kutsogolo kulibe kanthu. Pansi pali kabowo kakuda, kooneka kochepa moti simungakhulupirire kuti mukwanamo.

Ndinaganiza za chikepe cha m'mawa. Kenako sindinaganizenso kanthu.

Ndi kugwa kwa pafupifupi mamita 50, chamutu, mbali yomaliza muli pansi pa nthaka. Pogwa thupi limanyamuka pampando, mawu osatuluka. Koma choopsa chili pansi, pamene njanji imakhota kuti ikutulutseni. Okonda zinthuzi amaitchula iyi pa nambala imodzi, 6.3, kutanthauza kuti kwa kamphindi thupi limalemera kasanu ndi kamodzi n'kupitirirako. Ine wa makilogalamu 70 ndinapitirira 400. Chibwano chinagwera pachifuwa, masaya anatsika, m'mbali mwa maso munachita mdima. Kenako kuwala, mphepo, mabuleki. Ndinapezeka ndikuseka, kuseka kosadziletsa, malovu ali pachibwano.

Tinakhala pabenchi. Ndinkayembekezera kuti ndichita manyazi: agogo ankatsika m'dzenje tsiku ndi tsiku, kontirakiti ya zaka ziwiri, kuti apeze njinga ndi mabulangete, ine ndalipira ndalama zanga kuti andiponyemo, n'kutuluka patatha masekondi ndikuseka. Manyaziwo anabwera, koma sanadzaze mtima wonse. Mbali ina inkangofuna kudziwa kuti chikepe chija chimagwirizanitsa bwanji njanji yake ndi ya pamwamba, popeza zikasiyana ndi kachala kokha ngolo siingadutse. Mnyamata anatulutsa kope, n'kundipatsa tsamba langa. Ndinalemba maina ndi dzanja lonjenjemera.

"Malume, tibwereze?"

Tinabwereza. Kachiwiri ndinayang'anitsitsa polumikizira paja, ndinaona zitsulo zokhoma zikulowa m'malo mwake ngolo isanasunthe. Kugwa kwake sikunachepe ngakhale pang'ono.

Potuluka ndinagula chithunzi chimene kamera yawo inatijambula. Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya tsankho la dziko lino, ili pafupi pomwepo, inatsegulidwa mu 2001, koma nthawi inali itatha ndipo miyendo inali itakana. Imeneyo ndi ya ulendo wina, ndipo siyofunika kuilowa mutu ukuzungulira.

Loweruka

Basi ndi ya mawa m'mawa. Ndinabwera ndi chikwama chimodzi, ndikubwerera ndi zitatu: achemwali andisenzetsa mafuta ophikira, mabulangete a amayi, ndi katundu wa anthu ena awiri amene sindikuwadziwa n'komwe. Alamu akuti ulendo wina adzakwera, msana ukadzapola.

Chithunzi chija ndinawatumizira amayi pa WhatsApp. Yankho labwera la mawu. "Pakamwa ngati mvuu. Koma chipumicho ndi cha bambo anga." Anakhala chete pang'ono, kenako: "Nanga malata?"

Mtsikana wandilembetsa mzere wa pensulo pafelemu ya chitseko, pa mamita 1.3 ndendende, ndipo wandilumbiritsa kuti tsiku limene mutu wake udzafike pamenepo ndidzakwere basi. M'mawa uno, atamwa mkaka makapu awiri, anatiitana kuti timuyezenso. Ikadali 1.27. Akuti tepi ya bambo ake ndi yabodza.